Kakumanzere Ndiko Kamayamba Kugona

Chaka chachinayi chino ndili nato,
timahedifoni tiwiri topanda nthambo.
Tsiku limene Benedita anandigulira
tinali toyera ngati mano a mwana.
Lero tachita chikasu ngati anga.

Ndimakwera sitima ku Campanhã kukali mdima.
Chivundikiro cha kabokosi chinaguluka,
ndinachimanga ndi kamphira ka tsitsi.
Kamayi kokhala m'katimo kamandilonjera, kuti talumikizana,
mawu ake osakalamba,
osagwidwapo ndi chimfine ngakhale kamodzi.

Ku fakitale ya nsomba ku Matosinhos
timadula mitu kuyambira sikisi,
makina akukukuta, zitini zikugundana.
Kapitawo Amílcar amati n'zoletsedwa,
ndiye ndimabisa kamodzi kunsi kwa kansalu ka kumutu.
Amadutsa atakwinya nkhope,
kake kali m'khutu, akumvera za mpira.

Kakumanja kanagwerapo m'madzi amchere,
Febuluwale wa chaka chatha.
Ndinakavuula ndi zala zadzanzi,
ndinakakwirira mumpunga masiku atatu
ndikumasuzumira ngati ndabzala kanthu.
Kanadzuka.
Koma kuyambira apo woyimba aliyense
amayimbira kuseri kwa chitseko,
ndipo fungo la nyanja silichoka
ngakhale nditokose ndi kamtengo, ndipukute ndi thonje.

Kakumanzere sikanagwepo, sikanamwepo madzi,
komabe ndiko kamayamba kugona.
Kale tinkaweruka tonse atatu.
Kenaka kankafika nkhomaliro basi.
Pano tikangodutsa pa Trindade
kamati tii, n'kundisiya ndi theka la nyimbo.

Custódio analinso choncho.
Wosadwala, wosadandaula,
Lachiwiri lina anangokhala pampando n'kutsinzina.

Mufoni muli mawu ake, masekondi khumi ndi limodzi:
ugule buledi pobwera,
makiyi ndasiya pansi pa mphika wa maluwa,
kenaka kakhosomola, kenaka basi ikudutsa.
Ndimawamvera kukhutu lakumanzere
chifukwa ndiko ankagona.
Ndicho chake ndimakasunga, sindikaseweretsa pa nyimbo,
moto wake ndimauwerenga ngati shuga wa kumapeto kwa mwezi.

Mayi Graciete a m'chipinda chapansi
akuti ndayamba matama.
Akuti anandipatsa moni katatu pamakwerero, ine zii.
Sindinawauze kuti tsikulo munalibe kanthu m'makutumu,
batire itatha kalekale.
Nthawi zina ndimangotivala
kuti munthu asandifunse kuti mukupirira bwanji.

Ndinapita nato kwa mnyamata wokonza mafoni
pa msewu wa Cedofeita.
Anatiyika pachikhatho, n'kutiyeza ngati nyemba ziwiri.
Amayi, izi amamata ndi guluu,
sizitsekulidwa, batire sasintha,
ingotayani mugule zina, zatsika mtengo.
Ndinamufunsa ngati amagulitsa kakumanzere kokha.
Anaseka, kenaka anaona kuti sindikuseka.

Benedita akamaimba kuchokera ku Lyon
amati ndikumveka ngati ndili m'chitsime.
Amati anditumizira tatsopano pa Khirisimasi,
tomva kukoma, toletsa phokoso lonse.
Phokoso lonse, mwanawe?
Nanga ndidzatani ndi chete yense ameneyo?

Makutu anga anasintha, ndikudziwa.
Pali timalo tiwiri tonyerenyetsa tikakhala kulibe,
ndipo dzanja limapita lokha m'thumba la jekete
kukafufuza kabokosi, ngati lilime pa dzino logweduka.

Madzulo ndimatigoneka m'mabedi mwake,
kakumanzere kamafuna kukanikiza kawiri kuti kagwire moto.
Kanyali kofiira kamayaka pa tebulo.
Pamenepo nyumba imabwerera:
firiji ikung'ung'udza,
mbalame za kunyanja zikukangana padenga,
mvula pagalasi,
ndi Mayi Graciete pansipa, akukoka mpando,
akutsokomola.
Mawa ndiwapatsa moni ine poyamba,
ndikakumbukira kuchotsa kakumanja.